Tsangano Yake Iti?

Funso limene linandivula linali lalifupi, ndipo sanafunse ine. Anafunsa amalume anga, pamaso pa kalabu yonse ya alimi, pansi pa mabulugamu a kuseri kwa tchalitchi. Mayi wa ku bungwe lina lothandiza alimi anali atawerenga mapepala athu mwakachetechete, akunyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba. Atafika pakati anakweza mutu.

"Bambo, kuno mumalandira makuponi a fetereza?"

Anthu anayang'anizana. Wina kumbuyo anaseka. Amalume anayankha mwaulemu kuti ayi mayi, makuponi timangowamva kwa abale athu a kutsidya.

"Nanga pepala ili likunena za Tsangano yake iti?"

Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndine mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Ntengo-wa-Mbalame, m'boma la Tsangano, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Ndinabadwira ku Ntcheu mu 1989, makolo anga atathawa nkhondo pamodzi ndi anthu opitirira miliyoni imodzi amene anawolokera ku Malawi zaka zimenezo. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera kumabwinja kwathu mu 1994, ine ndili pamsana pa amayi mtunda ukatalika. Malire awa ndimawadziwa ndi mapazi. Ndagulitsapo kabichi ku Lizulu, ndadikirirapo minibasi pa Tsangano Turn-off, ndaikapo maliro mbali zonse ziwiri. Ndikunena izi kuti musafulumire kundikhululukira. Munthu wa ku Maputo kapena wa ku Ulaya akadasokoneza Tsangano ya ku Mozambique ndi Tsangano ya ku Ntcheu, tikadati ndi mlendo. Ine sindinasokoneze. Ndinadziwa.

Nthawi imeneyo ndinkamaliza maphunziro a digiri, aja ophunzira uli kwanu n'kumangopita kutauni kukalemba mayeso. Chomwe chinatsala chinali monografiya, kafukufuku wolemba wekha amene umakaikira kumbuyo pamaso pa aphunzitsi atatu. Mutu wake ndinautola m'kalasi mwanga momwe. Kuno timalima mbatatesi, ndipo nyengo yokolola malole amatuluka atadzaza mpaka kupendekeka. Koma pamzere wa m'mawa ndinkaona ana a zaka khumi ooneka ngati a zaka zisanu ndi ziwiri, ena mwa iwo ochokera m'mabanja omwe amakweza matumba ambiri pamalolewo. Ndinkafuna kudziwa kuti ndalama ya mbatatesi imathera kuti isanafike m'mbale ya mwana. Funsolo linali labwino, ndipo mpaka lero sindichita nalo manyazi.

Amene ankandiyang'anira, omwe tinkangowatcha a dotolo, anandiuza kuti ndiyende m'midzi, ndikhale pansi ndi mabanja, ndifunse. Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinkawerengera mafuta a njinga yamoto, masiku a Loweruka otayika, ndi chisanu cha mu Juni chija chimene chimalowa mpaka m'mafupa. Panalinso china chomwe sindinkadziuza: ndinkaona ngati kufunsa amayi a kudimba ndi ntchito ya ana a sekondale, pamene munthu wa digiri amagwira ntchito ndi kompyuta.

Mnzanga wina ndiye ananditsegulira khomo. Anandionetsa kuti pa intaneti pali nkhokwe zodzaza ndi ziwerengero, zosakhoma, zosalipiritsa. Sindidzaiwala usiku woyamba. Ndinakhala pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki ya kwathu imagwira popanda foni kuthawira ku netiweki ya ku Malawi, nditafunda bulangete, laputopu yobwereka ili pamwendo. Ndinatsegula tsamba la INE, ofesi yathu ya ziwerengero, n'kupeza zotsatira za kalembera wa 1997, wa 2007 ndi wa 2017 amene anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni m'dziko lonse. Ndinapeza Afrobarometer, imene chiyambire 1999 yakhala ikufunsa anthu wamba a mu Africa maganizo awo pa za boma ndi umoyo wawo. Ndinapeza nkhokwe ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndi IPUMS ya ku yunivesite ya Minnesota yomwe imasunga zitsanzo za makalembera a mayiko ambiri. Ndinapeza pulogalamu ya DHS, kafukufuku wa zaumoyo amene kuno timamutcha IDS: unkalembetsa, kufotokoza zomwe ukufuna kufufuza, ndipo pakapita masiku ochepa ankakulola kutsitsa mafayilo okhala ndi mayankho a amayi zikwizikwi. Mamega anatha, ndinagula ena. Tambala woyamba analira ndikadali pachulu. Ndinadziona ngati munthu amene watola chikwama pamsewu.

Mavuto anayamba ndi dzina la kwathu. Pepala lina limalemba Ntengo-wa-Mbalame, lina Ntengo-Wambalame, lina Mtengo wa Mbalame, ndipo makina ofufuzira amaona ngati ndi malo atatu osiyana. Ndikalemba lililonse mwa mayinawa, zotuluka zinali zochepa: mzere umodzi m'tebulo la kalembera, ndime ingapo m'kabuku kofotokoza boma la Tsangano kamene unduna woona za maboma unatulutsa mu 2005, basi. Ndinatopa, ndipo ndinangolemba kuti Tsangano, n'kuwonjezera liwu la Chingerezi la mbatatesi. Pomwepo kunatuluka lipoti lokongola, la matebulo oyalidwa bwino: kukula kwa minda, zokolola, mitengo, ndalama zolowa pabanja. Zonse zomwe a dotolo ankafuna kuti ndikazitole ndi miyendo zinali pamaso panga.

Patsamba lachiwiri panalembedwa kuti Ntcheu. Mitengo inali m'makwacha. Lipotilo linkanena za Tsangano EPA, dera la alangizi a zaulimi la ku Malawi. Ndinaziona zonsezi. Ndinatseka laputopu, n'kukagona, ndipo m'mawa ndinadzuka nditapeza kale zifukwa. Phiri ndi lomwelo. Chisanu n'chomwecho. Angoni ndi omwewo, amakwatirana, amavina ngoma imodzi, mbewu amagulana. Malirewo anaika ndi azungu, ndiye ine ndiwalemekezerenji? Munthu akafuna kuba, nzeru sizimuvuta. Ndinamasulira matebulo aja m'Chipwitikizi, makwacha ndinawasandutsa mametikali, ndipo liwu loti Ntcheu ndinalifufuta paliponse pomwe linali. Chimene ndinaiwala kufufuta chinali chiganizo chimodzi chonena kuti alimi ena amapeza fetereza wotsika mtengo kudzera m'makuponi a boma.

Zikadathera m'monografiya, mwina bwenzi lero ndili chete. Koma amalume, omwe anali wapampando wa kalabu, anamva kuti mwana wa mlongo wawo ali ndi mapepala a mbatatesi. Kalabuyo inkafuna pampu yothirira kudimba, ndipo bungwe lija linati alembe pempho lokhala ndi ziwerengero. Anabwera kunyumba Lamlungu masana atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Aphunzitsi," anatero, poti chiyambire ntchito amanditchula choncho ngakhale anandisambitsapo ndili mwana, "ife sukulu inatipita. Tithandizeni ndi nambala zanuzo kuti azungu atimve."

Ndinawapatsa masamba anayi. Anawalandira ndi manja awiri. Anawaika m'pepala la pulasitiki kuti asanyowe, ndipo ndinamva kuti anawaonetsa kwa anyakwawa asanawatumize.

Mayi wa ku bungwe uja anali atagwirapo ntchito ku Ntcheu. Ankadziwa kuti makuponi ndi a ku Malawi, komwe boma linayamba pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo mu 2005 n'kuisintha dzina mu 2020. Ankadziwanso chinthu chimene ine ndinkachidziwa bwino koma ndinachikankhira kumbali: kuti kutsidya malo ndi opanikizika, minda ndi yaing'ono, ndipo n'chifukwa chake anthu a kumeneko amabwera kuno kudzagwira ganyu kapena kudzabwereka minda. Phiri ndi limodzi ndithu, koma boma, ndalama, sukulu, chipatala ndi mtengo wa fetereza n'zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kafukufuku wanga ankayenera kuonetsa. Mayiyo sanakalipe. Anapinda mapepala aja, n'kunena kuti pempho lidzaonedwanso likadzakonzedwa. Galimoto yawo itachoka, anthu anabalalika mofulumira kuposa masiku onse.

Ine ndi amalume tinayenda limodzi mtunda wonse osalankhula. Tili pafupi kufika pamphambano anaima.

"Aphunzitsi, mukadatifunsa tikadakuuzani. Olima ndife."

Ndinayamba kufotokoza za netiweki, za nthawi, za kufanana kwa nyengo. Anandidula ndi dzanja.

"Ine ndinalekeza kalasi yachitatu. Koma ndimadziwa kuti munda wanga uli m'dziko liti."

Amayi atamva sananene zambiri. Anandiikira nsima, n'kukhala pambali akusenda nyemba. Nditatsala pang'ono kumaliza anati, "Mwananga, amalume akowo mawa apita bwanji kutchalitchi?" Mbamu yomwe inali m'manja mwanga sinatsikenso.

Sabata yotsatira ndinakwera galimoto kupita kwa a dotolo kukaulula ndekha, asanamve kwa ena. Ndinkaganiza kuti tchimo langa ndi limodzi, ndipo ndikachotsa mutu wa mbatatesi zina zonse zikhala bwino. Iwo anamvetsera, kenako anatsegula mutu wachitatu, umene ndinkaunyadira kwambiri, wonena za kupinimbira kwa ana. Pamenepo ndinali nditalemba molimba mtima kuti ku Ntengo-wa-Mbalame ana opinimbira ndi ochuluka mwakuti, malinga ndi IDS.

Anandifunsa kuti IDS ya chaka chiti. Ndinati ya 2011, imene inapeza kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Anati tili mu 2022, ana amene anayezedwa nthawi imeneyo ena ali kusekondale. Anafunsanso kuti nambala ya Ntengo-wa-Mbalame ndinaitenga patsamba liti. Ndinavomera kuti ndinatenga ya chigawo chonse cha Tete n'kuipachika pa posito yathu, kadera kamodzi chabe ka m'boma la Tsangano.

Anatenga pepala n'kujambula chigawo chathu mwachisawawa. Apa Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Apa Mutarara, kumunsi kwa Zambezi. Apa Changara, kotentha koti mwala umaotcha phazi, kwa mbuzi ndi mapira. Apa mzinda wa Tete ndi migodi ya malasha ya ku Moatize. Apa pamwamba inu, ovala majuzi awiri mu Julayi. Kafukufukuyo anafunsa amayi pafupifupi 14,000 m'dziko lonse, osankhidwa mwa njira yoti zotsatira zake ziyimire dziko ndi chigawo chilichonse, osati boma, ndipo posito ndiye ayi ndithu. Nambala ya Tete ili ngati phala lophikidwa ndi ufa wa m'maboma onsewa: ungalawe kukoma kwa mphika wonse, koma sungatapemo ufa wa kwanu. Afrobarometer, imene ndinaigwiritsanso ntchito chimodzimodzi, imafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lonse. Mwina palibe ndi mmodzi yemwe wa kwathu amene anafunsidwa.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndinapemphanso fayilo ya malo, ndipo pa mapu ndinapeza kadontho kamene kanagwera pafupi ndi kwathu, moti ndinazindikira ngakhale mudzi wake. Apa nkhope yawo inasintha. Anandifotokozera kuti timadontho timeneto timasunthidwa dala, mpaka makilomita awiri m'tauni ndi asanu kumudzi, ndipo kamodzi pa 100 kalikonse ka kumudzi kamatha kusunthidwa mpaka makilomita khumi, n'cholinga choti munthu ngati ine asaloze mudzi n'kunena kuti mayi anayankha zakutizakuti ndi uje. Mafunso a kafukufukuyo amafika m'chipinda chogona: za kulera, za nkhanza za m'banja, za ana amene anamwalira. Amayi aja anayankha atalonjezedwa kuti palibe adzawadziwe. Ine polembetsa ndinavomereza kuti sindidzayesa kuzindikira aliyense, koma ndinangodina osawerenga, ngati momwe timadinira chilichonse pafoni. Kenako ndinathera usiku wathunthu ndikulingalira kuti mayi wa zaka zakuti, wa ana akuti, wa nyumba ya malata, angakhale yani pakati pa anthu amene ndimapemphera nawo. Mwa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chomwe chimandidzutsabe usiku. Cha Ntcheu chinali kuba. Ichi chinali kusuzumira pazenera la eni.

Zina zinali zazing'ono koma zochititsa manyazi momwemo. M'fayilo ya amayi muli mzere wotchedwa v005, wothandiza kuti yankho lililonse lilemere molingana ndi kuchuluka kwa anthu amene likuwayimira. Ine ndinkauona ngati nambala zopanda ntchito, ndinausiya. Pa mitengo ya chimanga ndinalemba kuti inagwa modabwitsa pakati pa 2005 ndi 2007, osakumbuka kuti pa 1 Julayi 2006 metikali inachotsedwa maziro atatu, ngakhale ineyo ndinagwirapo ndalama zakalezo ndi manja anga. Ndipo pena ndinasakaniza matebulo a Chipwitikizi, momwe 1.500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, ndi a Chingerezi, momwe nambala yomweyo ndi chimodzi ndi theka.

A dotolo anatseka chikalatacho. "Nambala izi sizinaname," anatero. "Mwazinamizira ndinu." Anandiuza kuti chaka chimenecho sindikaonekera pamaso pa oyesa.

M'galimoto pobwerera ndinakumbuka Ogasiti wa 2017. Ndinali mmodzi mwa aphunzitsi amene analembedwa ganyu yowerenga anthu pakalembera, masiku khumi ndi asanu oyambirira a mweziwo. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi chikwama cha mafomu. Ndikukumbuka agogo ena amene nditawafunsa zaka anati anabadwa chaka cha njala yaikulu, ndipo tinathera nthawi tikusiyanitsa ngati akunena ya 1949 kapena ina. Ndikukumbuka kuti ambiri osadziwa zaka zawo tinkagwirizana pa nambala yothera ndi ziro kapena faifi, chifukwa ndi imene imabwera msanga pakamwa. Ndikukumbukanso nyumba ina kuseri kwa phiri imene eni ake anali kumaliro kutsidya. Ndinayenera kubwererako, koma kunali kutali, kunkazizira, ndipo ndinalemba zimene woyandikana nawo anandiuza. Ziwerengero zimene ndinkazigwadira pachulu paja, zoyalidwa m'mizere yowongoka ngati zatsika kumwamba, zina mwa izo ndinazilemba ndine, ndi pensulo, zala zitauma ndi chisanu. Ndinkadziwa momwe nambala imabadwira. Koma itangovala suti ya kompyuta ndinaiwala kuti ndi mwana wa kumudzi, ndipo ndinayamba kuikhulupirira kuposa anthu amene inachokera m'kamwa mwawo.

Chaka cha 2023 ndinayamba pomwe ndinayenera kuyambira. Khomo loyamba linali la amalume, ndipo linali lovuta kuposa onse. Ndinapepesa nditakhala pansi, iwo ali pampando. Sanayankhe za kupepesako. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makope atatu a ana asukulu, akuda ndi utsi. Munali zaka zambiri za ulimi wawo: matumba a mbewu, a fetereza, aganyu angati ndi ochokera kuti, wogula ndani, pamtengo wanji, makwacha mbali ino, mametikali mbali inayo. Ndinafunsa kuti thumba limodzi ndi makilogalamu 50, eti? Anaseka koyamba chichitikire zija. Anati thumba la mavenda ndi losokerera pamwamba, lina limafika pachifuwa cha munthu, ndipo kukula kwake kumasintha malinga ndi kuchuluka kwa mbatatesi chaka chimenecho: ikachuluka thumba limatalika, mtengo osasintha. Palibe tebulo la pa intaneti limene likadandiuza zimenezi. Aliyense wochulukitsa matumba ndi 50 amapeza nambala yooneka bwino yomwe si ya munda wa munthu aliyense.

Ndinayenda Loweruka lililonse kwa miyezi isanu. Mafunso ndinawaika pafoni ndi KoboToolbox, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira ntchito ngakhale kopanda netiweki, koma zofunika kwambiri ndinkazimva foni itabwerera m'thumba. Amayi ankandiuza kuti ndalama ya mbatatesi imabwera kamodzi, ndipo imapeza ngongole ya fetereza ikudikira pakhomo. Yotsala imapita ku malata kapena njinga yamoto, zinthu zooneka, pamene ndiwo za mwana n'za tsiku ndi tsiku ndipo zimadalira kandalama ka tomato ka mayi. Ankandiuza kuti nyengo yothirira amalawirira kudimba kusanache, khanda n'kutsala ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi zitatu ndi phala la dzulo. Mayi wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu simunadziwe zimenezi? Si ana omwewa amajomba m'kalasi mwanu?" Ndinalemba funso lakelo m'kope langa momwe analinenera.

Musaganize kuti ndinataya intaneti. Ndinabwerera pachulu paja, koma tsopano ndinkapita ndi funso lochokera m'mudzi, osati kukasaka yankho loti ndibwere nalo kumudzi. Akuluakulu akati mvula inavuta chaka chakuti, ndinkatsegula CHIRPS, kaundula wa mvula wa yunivesite ya California ku Santa Barbara, wophatikiza zithunzi za setilaiti ndi zoyezera mvula kuyambira 1981 m'timabwalo ta makilomita pafupifupi asanu. Chilala cha 1992 ndi cha 2016 chimene ankachikumbuka ndinkatha kuchiyang'ana pamenepo, ndipo pomwe kukumbukira kwawo ndi setilaiti zinasemphana ndinkabwerera kukafunsanso. Mitengo ya chimanga ya m'makope a amalume ndinkaiyerekeza ndi Quente-Quente, kalata ya mitengo ya m'misika imene unduna wa zaulimi unkatulutsa sabata ndi sabata, momwe munkapezekanso msika wa ku Angónia. Kuchuluka kwa anthu ndinatenga m'kalembera, chifukwa ndi yekhayo amene amagogoda khomo lililonse ndipo angathe kunena za posito. Mapu ndinajambula ndi QGIS, malire ake nditatenga ku HDX, nkhokwe ya bungwe la United Nations. Zolemba za IESE ndi za Observatório do Meio Rural, mabungwe a kafukufuku a ku Maputo amene amaika ntchito zawo poyera, zinandiphunzitsa kufunsa za malo ndi za misika mozama kuposa momwe ndinkachitira. Nambala ya IDS ndinaisiya m'monografiya, koma ndinalemba dzina lake lenileni: chigawo cha Tete, 2011.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona pokhapokha nditaika makope a amalume pambali pa matebulo a mayiko awiriwa. Mbatatesi yathu yambiri imatuluka kudzera m'tinjira, pa njinga ndi pa ngolo, n'kukakwera malole kumisika ya m'mbali mwa msewu wa M1. Ikafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe imatchedwa ya ku Ntcheu. Mwana wobadwira kuchipatala cha kutsidya amalowa m'kaundula wa kumeneko. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100, mabanja a kuno anaimva m'thumba sabata yomweyo, ngakhale kuti m'mabuku a dziko lathu kwacha si ndalama yathu. Ziwerengero zimasonkhanitsidwa dziko ndi dziko, pamene moyo wathu umadutsa malire kawiri patsiku. Apa ndinaona kuti maganizo anga aja, oti mbali ziwirizi n'zolumikizana, sanali opusa. Ndikadalemba poyera kuti tebulo ili ndi la ku Ntcheu, tiyeni tiliyerekeze ndi kwathu, bwenzi uli mutu wabwino koposa m'monografiya yonse. Chimene chinaononga ndi chala chimene chinafufuta dzina.

Ndinakhoza kumapeto kwa chaka chimenecho, mochedwa ndi chaka chathunthu, ndi malikisi apakatikati.

Kumayambiriro kwa 2025 ndinaphunziranso china chomwe sindinkachiyembekezera. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, tsamba la FEWS NET, lomwe limachenjeza za njala ndipo linkatsatiranso malonda a chakudya odutsa m'malire mwathu muno, linazima kwa miyezi ingapo. Mu Febuluwale pulogalamu ya DHS nayo inaimitsidwa, ndipo olembetsa atsopano anasowa kolowera. Ndinkayesa kuti za pa intaneti zili ngati phiri, zilipo basi. Zinali zaulere kwa ine chifukwa wina kutali ankalipira, ndipo tsiku limene anatseka chikwama ife sanatifunse. Mnzanga wina wophunzitsa ku Furancungo, m'boma la Macanga, amene anali atangoyamba monografiya yake, anandiimbira kuti ndimutumizire mafayilo anga. Ndinamutumizira malipoti osindikizidwa, kuphatikizapo la IDS ya 2022 mpaka 2023, omwe ndi a aliyense. Mafayilo a mayankho a amayi ndinamukaniza, chifukwa nthawi ino ndinali nditawerenga zimene ndinavomereza, ndipo zimaletsa kupatsa wina. Anati ndayamba kunyada. Sitinalankhulane mpaka Pasaka.

Pampu ija sinabwere. Bungwe lija linamaliza ntchito zake m'dera lathu pempho lisanakonzedwe, ndipo kalabu inasonkherana n'kugula yakale imene imafuna kukonza mwezi ndi mwezi. Palibe amene anandiuza kumaso kuti ndi chifukwa cha ine, koma anyamata a pamsika akandiona amafunsana mokweza kuti Tsangano yake iti, ndipo ine ndimangokweza dzanja n'kudutsa.

Mwezi wathawu amalume anabweranso Lamlungu masana, ndi jekete lomwe lija. Kalabu ikufuna kupempha thandizo lomangira shedi yosungiramo mbewu.

"Mulembe ndinu, aphunzitsi," anatero. "Koma musanatumize mudzatiwerengere tonse, m'Chichewa, mzere ndi mzere."

Ndinawerenga Lachitatu, pansi pa mabulugamu omwe aja. Ndinafika pa chiganizo chonena kuti mbewu imasungidwa miyezi itatu isanabzalidwe. Mayi wina wachikulire, amene anakhala kumapeto kwa mkeka akuluka chipewa, anakweza dzanja osasiya kuluka.

"Itatuyo ndi ya kumunda. Ya kudimba siyifika. Konzani pamenepo."

Ndinapempha cholembera kwa mlembi wa kalabu, n'kukhwatcha.